Za Thirakitala Yomwe Yafera mu Msandile

Msonkhano wa komiti ya Kalabu ya Alimi ya Tiyeseko, Nsefu
Tsiku: 14 Novembala 1970
Malo: M'shedi ya thonje

Analipo: A Abraham Chulu (wapampando), a Silas Kamanga (mlembi), Mayi Tabeth Nguni, a Langford Sakala (dalaivala).
Oitanidwa: A Teddy Malama (makanika wa kukampu ya alendo), Mayi Agness Mwanza.
Panalibe: A Gideon Mwanza, omwe anamwalira pa 3 Novembala.

1. Kutsegula

Mayi Nguni anatsegula ndi pemphero nthawi ya 9 koloko m'mawa. Wapampando anapepesa Mayi Mwanza pa imfa ya amuna awo.

2. Lipoti la dalaivala

A Sakala anati pa 3 Novembala njati inabaya a Mwanza ali kudimba. Anthu anawagoneka m'ngolo ya thirakitala kuti apite nawo kuchipatala. Atafika pakati pa mtsinje wa Msandile, womwe pano ndi mchenga wokhawokha, injini inatulutsa utsi woyera, inagogoda katatu n'kuzima. Anthu ananyamula a Mwanza pamachira, koma anatsirizika atangoyenda mamailosi awiri.

3. Lipoti la makanika

A Malama anati atasolola kachitsulo koyezera oilo anapeza oiloyo atayera ngati tiyi wamkaka, ndipo m'rediyeta munalibe madzi. Anati madziwo ankadutsa pa gasiketi yopsa, yomwe imayenera kutchinga madzi kuti asakumane ndi oilo, n'kutsikira mu oilo, ndipo oilo wamadzi sateteza zitsulo. Mabeyaringi adyeka ndipo injini yagwira. Anati pafunika kukhetsa oilo yense, kutsuka injini, ndi kutumiza hedi, chomwe ndi chigawo cha pamwamba pa injini, ku Chipata kuti akaone ngati inang'aluka. Analetsa aliyense kuyesa kuiliza.

Mayi Nguni anafunsa ngati vutoli linayamba tsiku lomwelo. A Malama anati ayi, ndi la miyezi iwiri kapena kuposa.

4. Zokambirana

4.1 Wapampando anati dalaivala wodziwa ntchito amayeza oilo m'mawa uliwonse, choncho a Sakala achotsedwe.

4.2 A Sakala anati ankayeza. Anati pamsonkhano wa Seputembala anabweretsa oiloyo m'botolo n'kuuza komiti kuti madzi akutha m'rediyeta pomwe oilo akuchuluka yekha. Anati wapampando anawayankha kuti thonje silingadikire makanika, athire ufa pang'ono m'rediyeta kuti utseke podontha, ntchito ipitirire.

4.3 Wapampando anati sakukumbukira zimenezo, ndipo analamula mlembi kuwerenga zolembedwa za Seputembala. Mlembi anawerenga. Nkhani ya oilo munalibe.

4.4 Mayi Mwanza anapempha kulankhula. Anati: "A Kamanga, ine kuwerenga sinditha. Koma amuna anga anabwera kunyumba tsiku limenelo akunena za botolo. Kodi botololo munaliona kapena ayi?"

4.5 Mlembi anati analiona. Anati nkhaniyo inanenedwadi monga a Sakala afotokozera, koma sanailembe chifukwa wapampando anati ikalembedwa, a ofesi ya zaulimi adzailanda thirakitalayo nyengo yolima isanafike. Mlembi anavomera kuti analakwa.

4.6 Wapampando anati anachita zimenezo poganizira mabanja makumi anayi omwe alibe china cholimira, popeza ng'ombe sizikhala kuno chifukwa cha ntchentche za kashembe. Anati malemu nawonso anavomereza. Mayi Mwanza anati n'zoona, anavomereza, ndipo ndi amuna awowo omwe anapereka ufawo.

4.7 Wapampando anabweza mawu ochotsa dalaivala. A Sakala anati ngakhale zili choncho sadzakweranso thirakitalayo.

4.8 Wapampando anapempha kuti ndime 4.5 isalembedwe. Mayi Nguni anakana. Yalembedwa.

5. Zomwe zagwirizanidwa

Mayi Nguni anakumbutsa komiti kuti kumapiri mabingu ayamba kugunda, ndipo Msandile akadzaza adzakwirira thirakitalayo mumchenga. Komiti inagwirizana kuti amuna onse a kalabu akumane Lolemba ndi zingwe, makasu ndi mitengo yoyala pansi pa matayala, akaikoke ndi manja mpaka kumtunda. A Malama adzamasula hedi thirakitalayo ikatuluka mumchenga. Chaka chino aliyense alime ndi khasu.

6. Nkhani zina

Mayi Mwanza anati bulangeti lomwe anagonekapo amuna awo linatsala m'ngolo. Anapempha kuti opita Lolemba abwere nalo osalichapa, adzachapa okha. A Sakala anati alibweretsa iwo eni.

7. Kutseka

Msonkhano wina udzakhala pa 12 Disembala, ngati njira idzakhale yodutsika. Wapampando anatseka nthawi ya 11:40. Pemphero lotsekera silinachitike chifukwa anthu anali atayamba kale kutuluka.

Wapampando: ______________ (anati asaina akaganiza)

Mlembi: S. Kamanga