Malo anga ku manda a bambo

Shubra, Cairo
Lachitatu

Wokondedwa mlongo wanga Wadie,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu anga a Mervat ndi ana kwanu ku Canada. Chifuwa cha Karim chija chinatha? Kuno ndilipo, kupatula bondo lomwe lija ndi matenda a shugawa. Moni ndilekezera pomwepa, chifukwa mtima wanga ukadali kuwira.

Ndalemba kalata dala. Pa foni ukangomva kuti nkhani yakuthina, umanamizira kuti mawu sakumveka.

Adau tinamuika Lachisanu. Usandifunsenso kuti "Adau uti?" monga unachitira tsiku lija. Ndi mayi wamtali uja wa ku Sudan, amene ankaphikira anthu othawa nkhondo msuzi wa mphodza Lachiwiri lililonse pabwalo la tchalitchi. Chithunzi chake ali ndi chipande m'manja ndi chomwe unapachika m'tchalitchi chanu kumeneko, choti azungu aziona ntchito yabwino ya mpingo wa kwathu kuno. Ndiyenso amene ankatembenuza amayi atafa ziwalo, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa ndi supuni. Atamwalira amayi, amene anawaveka diresi yoyera anali Adau. Iwe unafika zonse zitatha, utavala magalasi akuda.

Anagwa pafupi ndi mphika wake sabata yatha, ndipo anatsirizikira kuchipatala Lachinayi m'mawa. Ukudziwa wekha kuti ndi kutentha kwa mwezi uno maliro sadikira. Mwana wake Ayen, mtsikana wamkulu amene akuphunzira unamwino, anabwera kwa ine maso ali gwa, osalira. Anangondifunsa kuti, "Mayi Tahani, amayi anga ndiwaike kuti?"

Ndinamutenga kupita kwa akuluakulu a mpingo, ndili ndi chikhulupiriro chonse ngati chitsiru. A Sobhi, apampando athu, anayamba ndi kumuyamika Adau mpaka ndinaganiza kuti nkhani yatha. Kenako anati manda a mpingo ndi a mabanja amene anamanga tchalitchi, ndipo malemuwo anali a mapemphero a masana. Wamva? Ife a m'mawa ndife mpingo, Asudani a masana ndi alendo, chonsecho chikho cha Mgonero ndi chimodzi chomwecho.

Odette, yemwe uja amapukuta mabenchi Asudani akatuluka, anandigwira dzanja mwachifundo. Akuti, "Tahani wanga, mtima wako ndi wagolide, koma tikatsegulira mmodzi, mawa abwera basi yonse." Ndinamuyankha kuti akufa sakwera basi, ndipo achotse dzanja lakelo.

Wansembe wathu watsopano, Bambo Fayek, anayesetsa, ndisawanamizire. Anawakumbutsa kuti Ambuye wathu yemwe anagona m'manda obwereka. Akuluakuluwo anangodikira kuti amalize, monga anthu odikira kuti sitima idutse. Atamaliza, a Sobhi anati kulipo kumene anthu oterowo amaikidwa, kuchipululu kuseri kwa msewu waukulu. Uko kulibe dzina pa manda, kulibe mthunzi, ndipo Ayen sakanatha kumakafikako ngakhale tsiku la Pasaka. Zonsezi ankazinena mwana wa malemu ali chilili pakhomo.

Apo ndi pomwe ndinakumbukira manda a banja lathu. Ndinathamangira ndi Ayen kwa a Shehata, mlonda wa manda uja amasunga kiyi. Anandilandira bwino, nandipatsa tiyi, koma anati chitseko cha banja sichitsegulidwa popanda mawu a mwana wamwamuna. Ine amene ndimasesa mandawo ndi kuthirira maluwa chaka ndi chaka, mawu anga akuti ndi osakwana. Ndinameza mkwiyo, ndikukuimbira foni.

Ndikukumbutse zimene unanena, poti mutu wako umaiwala posankha. Unati, "Tahani, manda a bambo si hotela." Unati Adau anali munthu wabwino koma si magazi athu, ndipo anthu adzati chiyani. Unamaliza ndi kunena kuti utumiza maluwa. Wadie, ndinachita manyazi. Ndinatembenuka kuti Ayen asaone nkhope yanga, koma foni yanga ija imafuula, anamva zonse.

Sindinakwiyepo nawe chonchi chibadwire. Unathawa amayi akununkha mankhwala, ukuti ntchito yachuluka, sindinanene kanthu. Unagulitsa sitolo ya bambo osandifunsa, sindinanene kanthu. Koma magazi? Zilonda za pamsana pa amayi zinali m'manja mwa yani, mwa iwe kapena mwa Adau?

Tsono mvera zimene ndinachita. Ndinabwerera kwa a Shehata ndikuwafunsa kuti m'mandamo mwatsala malo angati. Anati awiri. Ndinawafunsa ngati akukumbukira zimene bambo ananena ataimirira pachitseko pomwepo, kuti amodzi ndi a Wadie, ena ndi a Tahani. Anavomera kuti anamva ndi makutu awo. Ndiye ndinati malo a Wadie asakhudzidwe, koma angawo ndikupereka lero.

Anakanda mutu nthawi yaitali. Akuti, "Nanga inuyo, mayi?" Ndinati ine ndikadali kuyenda, atsegule. Munthu wosaphunzirayo anapita kukatenga kiyi misozi ili m'maso, akudandaula kuti umuchotsa ntchito. Usayerekeze kumuimbira. Mlandu ndi wanga, ulankhule ndi ine.

Adau wagona pambali pa amayi. Anthu a masana anabwera ndi ng'oma ndi mitanda yawo yaitali ija, anaimba mpaka ogulitsa maluwa pachipata anasiya malonda. Bambo Fayek anatsogolera pemphero. A m'mawa analipo ochepa, ena mwa iwo akubisa nkhope kuti Odette asamve. Khofi wowawa wa maliro tinamwera kunyumba kwanga, chifukwa mu holo ya tchalitchi akuti munali msonkhano wokonzekera chikondwerero cha ntchito zachifundo.

Lamulungu a Sobhi anaimirira kutsogolo nalengeza za imfa ya "mlongo wathu wokondedwa Adau." Ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi buku la nyimbo. Kenako anafunsa amene angadzipereke kuphika Lachiwiri. Aliyense anayamba kuona nsapato zake. Dzulo tinaphika ine ndi Ayen, mphodza zinapserera pansi, koma anthu anadya osadandaula, ndipo ana anafunsa kuti amayi aatali aja ali kuti.

Maluwa ako afika lero, okongola kwambiri, ndi kakhadi kolembedwa m'Chingelezi. Ndawapereka kwa aneba.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, chithunzi chija uchichotse m'tchalitchimo. Munthu amene unamukana malo ogona usamugwiritsenso ntchito kuti anthu azikutama.

Chachiwiri nachi. Ndine wamkulu kwa iwe, ndipo adokotala sakundibisira za shugayu. Tsiku lina a Shehata adzakuimbira foni. Adzakuuza kuti mlongo wako Tahani wamwalira, kunja kukutentha, ndipo malo atsala amodzi okha, akowo. Yamba kuliganizira yankho panopa, usadzanamizire kuti mawu sakumveka.

Ukadzakana, usadzavutike mumtima. Dzulo tikukwecha mphika, Ayen wandiuza kuti anthu a masana adzanditenga, ndikagone ndi anthu awo kuchipululu kuja.

Pemphero lokumbukira Adau pakatha masiku makumi anayi lidzachitika masana, osati m'mawa. Ukafuna kubwera, chipinda chako ndichikonza monga mwa nthawi zonse. Ambuye akusunge ndipo akufewetse mtima. Undiperekere moni kwa a Mervat, undipsompsonere Karim ndi Marina, uwauze kuti azakhali awo amawatchula m'pemphero tsiku ndi tsiku.

Ndine mlongo wako wa bere limodzi,
Tahani