Nyimbo ya Adadi Yopanda Ng'oma

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Nkhondo ku kwaya lero. Tikusankha nyimbo za Misa ya Amayi Maria ya pa 18. Ine ndati tikalandira Ukaristia tidzaimbe ija yachilatini, yopanda ng'oma, yopanda kiyibodi, imene adadi ankaphunzitsa ali mkulu wa kwaya. Clive wa kiyibodi kuseka mpaka misozi: "Anti, anthu adzafunsa kuti wamwalira ndani." Mwana wa dzulodzuloyu!

Chifukwa changa sindinawauze. Adadi chiwagwirireni sitiroko mu Meyi, pakamwa pali gwa, ngakhale dzina langa silituluka. Koma dzulo ndikuwameta ndevu ndinang'ung'udza nyimboyi, chala chawo n'kuyamba kugunda pampando. Ndinaona ndi maso angawa. Ndikufuna akaimve ikuimbidwa ndi kwaya yonse.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Thupi ku ofesi ku City Centre, mtima ku parishi. Bambo mfumu ati kwaya igwirizane yokha. Akuzemba basi. Ndamuimbira foni Clive: atenge ya zopereka, ija yovinitsa mpaka fumbi, ine andisiyire yanga. Wavomera msangamsanga. Kathyali, kamadikira zomwezo.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Pulakatisi yochititsa manyazi. Chilatini chikuwapinda lilime. Mpweya kuwathera pakati pa mzere. Thoko, mnzathu wa m'kwaya, akufunsa kuti m'manja aziomba pati. Palibe poomba, mayi!

Kunyumba ku Area 15 achimwene a Everson akuti adadi ndisawatengere ku tchalitchi, anthu akangowayang'ana ngati chionetsero. Mwina akunena zoona. Ndalirira kubafa. Koma suti yawo ndasita.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Yatheka! Ambuye, yatheka!

Adadi panjinga yawo ya olumala, kutsogolo pafupi ndi kwaya, a Everson pambali nkhope ili ndwii. Ya Clive anthu avina, ngakhale ine ndagwedezeka pang'ono, ndisaname. Tatha kulandira, kiyibodi zii. Ndakweza dzanja. Tayamba.

Tchalitchi chonse chete. Amayi achikulire kumbuyo ayamba kulowa m'nyimbomo mmodzimmodzi, kani sanaiiwale. Kenako mawu ena pansipansi, osasa, otsalira m'mbuyo pang'ono. Sindinacheuke, ndikanagwa. Ndaona Thoko akuimba misozi ili chuchuchu, maso ali pa adadi. Adadi anaimba mpaka Ameni.

Titatuluka Clive wabwera yekha kudzathandiza a Everson kuwakweza m'galimoto. Clive akuti chaka chamawa tidzaimbe ziwiri zachilatini.

Ine ndagwada pakhomo la galimoto, ndawagwira dzanja labwinolo. Ndati adadi, mwaimva nyimbo yanu? Andiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikulimbana. Mawu oyamba kulankhula chiyambire Meyi, aliyense wamva, ayamba ndi dzina langa:

"Immaculata. Mwaithamangitsa."