Maulendo Awiri Amene Munandilanda

2 Okutobala 2018

Okondedwa achimwene,

Zinayamba Lamlungu masana, pa 14 Malichi 1976, m'chipinda chovinira cha hotela ija. Ndayamba ndi tsikuli chifukwa m'kalata imene mwana wanu wamkazi wandilembera m'malo mwanu muli mawu akuti "zija zinachitika kalekale". Sizinachitike kalekale ayi. Zinachitika pa tsiku limene ndatchulali, ine nditaima kumanzere kwanu, besi, chigitala changa chachikulu chija, ili pachifuwa.

Koma ndisachite mwano polowa m'mlandu ndisanakulonjereni. Ndamva kuti mapapo akukuvutani, kuti mukupuma mothandizidwa ndi makina, ndiponso kuti sakisofoni yanu yalowa m'bokosi lake kunsi kwa bedi. Pepani. Ine kuno ndilipo ndithu. Chipumireni ntchito ku kampani ya madzi ndimadzuka nthawi yomwe ija, kusesa pakhonde, kupukuta besi, n'kukhala. Cheke chimene munaika m'kalatamo muchipeza mu envulopu yomweyi. Sindinachipinde, kuti chikagwire ntchito ina.

Mwana wanu walemba kuti, "Bambo aang'ono, bambo akuti munene chimene chingathetse nkhaniyi, chifukwa iwo sakukumbukira bwinobwino mmene zinayendera." Poti simukukumbukira, ndikukumbutsani mwadongosolo, ndipo mwanayo akuwerengereni pang'onopang'ono, osadumpha mzere.

Jazi tinaipeza limodzi, m'shopu ya bambo yokonzera mawailesi. Munthu wina anasiya galamafoni kuti ikonzedwe, pamodzi ndi bokosi la mbale za nyimbo, ndipo sanabwerenso. Bokosilo linali litanyowapo, timapepala ta pakati pa mbale titamatuka, moti sitinkadziwa dzina la woimba ngakhale mmodzi. Ndine amene ndinayamba kuziika pa galamafoni, bambo atapita kukagula mawaya. Inu munabwera kudzandiopseza kuti mukandinenera, koma munathera kukhala pa benchi kukamwa kuli yasa.

Popeza mayina panalibe, tinazipatsa athu. Panali "za maliro", za malipenga oyenda mwachifatse ngati akuperekeza bokosi, amene pakati pa njira ankatembenuka n'kuyamba kusangalala ngati malemuyo anali wovuta. Panali "za madiresi", za magulu akuluakulu, zimene pambuyo pake tinamva kuti ndi suwingi, zoti ngakhale mayi ankagwedeza phewa akusita. Panali "za akuba", zothamanga ngati munthu wathyola thumba pamsika, zokhota paliponse pamene ukuganiza kuti ziwongoka. Imeneyo inali bibopu, ndipo inu ndi imene inakulandani tulo. Panalinso "za mvula", zozizira, zoimba ngati munthu amene safuna kudzutsa wodwala. Pansi pa zonsezo pankakhala mtundu wa nyimbo zodandaula umene amati buluzi, ngati simenti pansi pa nyumba zosiyana utoto. Bambo atatipeza anakalipa kuti, "Inu awiri mundithera singano! Zimenezi ndi nyimbo kapena anthu akulimbirana chuma cha masiye?" Koma sanazimitse, ndipo mawa lake anafunsa kuti ija yamalipenga ili pati.

Mbale imodzi yomweyo tinkaimva mosiyana. Inu munkatsata chimene chikulira pamwamba. Ine ndinkatsata chinthu china chimene chinkayenda pansi, phazi ndi phazi, osatopa, osadzionetsa, chimene chikangoima nyimbo yonse inkakhala ngati yagwera m'dzenje. Ndinkagunditsa khutu pa bokosi la galamafoni kuti ndichimve. Ndi mmene inu munakhalira wa sakisofoni, ine wa besi, ndipo pa zimenezo ndilibe dandaulo.

M'gulu lathu la ku hotela tinalimo anayi: inu mtsogoleri, a Magalasi pa piyano, Chigubu pa ng'oma, ndi ine. Lamulo munaika nokha. Kuimba nyimbo kuchokera kumutu mpaka kumchira tinkakutcha ulendo, ndipo aliyense ankapatsidwa maulendo ake oimba zakumtima kwake. Mukamaliza anu munkachotsa sakisofoni kukamwa, kubwerera phazi limodzi m'mbuyo, n'kuyang'ana woti atenge. Ine ndinkapatsidwa kamodzi kokha pa Lamlungu, maulendo awiri, m'buluzi yomaliza tisanapumire. Pamenepo Chigubu ankasiya timitengo n'kutenga timaburashi, a Magalasi n'kumangokhudza piyano apa ndi apo. Besi silimbana ndi sakisofoni, achimwene. Kuti imveke pamafunika ena akhale chete. Zimenezi mukuzidziwa kuposa ine.

Tsiku lija, tisanayambe, a manijala anandiimitsa m'khonde la kukhitchini. Anati, "Iwe wa chigitala chachikulu, pukuta nsapatozo. Bambo wa jekete yotuwa wakhala pafupi ndi chipilala uyo ali ndi gulu lake loimba kunja kwa dziko lino, wa besi wake wamuthawa. Wabwera kudzamva iweyo." Inu munali pomwepo, mukunyowetsa kabango ka sakisofoni pakamwa. Munakachotsa n'kundisisita pamsana, n'kunena kuti, "Usaope, mng'ono wanga. Lero ndikutsegulira khomo lonse."

Buluzi ija inafika. Munaimba maulendo anu awiri. A Magalasi anali ataimba kale awo. Chigubu anatenga timaburashi. Ine ndinapukuta zala pa buluku, n'kukweza mutu kuti tikumane maso. Munayang'ana kudenga. Simunachotse sakisofoni kukamwa. Munakoka mpweya n'kulowa ulendo wachitatu, ndipo utatha munalowa wachinayi, mukuyenda pang'onopang'ono kupita kutsogolo kwa nsanja, kufupi ndi chipilala chija. Wachinayi utatha munakweza dzanja kuti tibwerere kumutu kwa nyimbo, n'kutseka.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chakuti munaimba bwino. Sindinakumvenipo mukuimba choncho, ngakhale m'zimbale zanu zonse. Ovina anasiya kuvina, operekera zakumwa anaima ndi mathileyi m'manja. Ndipo ine ndinakunyamulani maulendo onse anayi osaphonya phazi, chifukwa wa besi sasiya mnzake m'malere, ngakhale mnzakeyo akumubera.

Kuchipinda chosinthira, Chigubu anaponya timaburashi pa tebulo n'kunena kuti, "Aise, mkulu wakoyu lero wameza mpweya wa hotela yonse. Ngakhale apongozi anga amapumirako polankhula." A Magalasi anavula magalasi awo n'kumawapukuta ndi tayi. Anati, "Ine musandifunse, anachita nthunzi awa, sindinaone kanthu." Inu munalowa mukupukuta thukuta, n'kuti, "Nyimbo inandigwira, mng'ono wanga, ukudziwa mmene zimakhalira. Lamlungu likubwerali utenga anayi." Koma Lamlungu lotsatiralo munali mukusoketsa suti yapaulendo. Bambo wa jekete uja anandigwira chanza potuluka n'kundiuza kuti ndimasunga nthawi bwino. Mawu amenewo amauzidwa wotchi yapakhoma. Wa besi anakamupeza kwina, koma wa sakisofoni ngati inu anati sangamusiye.

Sindikunena kuti akanandimva akananditenga. Mwina akanayasamula. Mwina ndikanachita mantha zala n'kuuma. Sindikudziwa, ndipo kusadziwako ndi kumene munandisiyira. Ndawerenga mamita a madzi m'makomo mwa anthu mpaka imvi, agalu akundiuwa, ndipo palibe geti limene ndinatsegula osadzifunsa funso limenelo.

Gulu linatha inu mutangochoka, poti hotela sinkafuna gulu lopanda woliza. Chigubu anakayendetsa lole, anamwalira pa ngozi. A Magalasi anathera kuimba m'tchalitchi, ndipo ankati akalakwitsa n'kuika buluzi m'nyimbo yotsekera, abusa ankawayang'ana ndi diso limodzi. Nawonso anatisiya. Mwa amene anali pa nsanja tsiku lija tatsala awiri, ndipo mmodzi akuti sakukumbukira.

Mlamu wanu, amene simunamuonepo ndi maso, ankakonda "za madiresi". Ankandikokera pakati pa khitchini, ine mapazi ngati njerwa, iye n'kumaseka. Besi sankaikonda. Ankati, "Bambo a kunyumba, chimtengo chanuchi chadya malo a kabati, koma sichisunga ngakhale kapu imodzi." Komabe Lamlungu lililonse masana ankazimitsa wailesi, n'kukhala pa mpando wosokera manja ali pamiyendo, mpaka ndimalize. Kangapo konse anandiikira pepala ndi cholembera pa tebulo kuti ndikulembereni. Ndinkamuyankha kuti woyamba kulemba ndi amene ali ndi mlandu. Atamwalira munatumiza maluwa kudzera ku sitolo, ndi kakhadi kotayipa. Kakhadiko ndinakalandira.

Zimbale zanu zimene mwakhala mukutumiza sindimvera. Zili pa shelefu motsatana zaka zake. Ndingonena kuti wa besi wa m'chimbale chachitatu amachedwa, amakukokerani m'mbuyo ngati ngolo yophwa tayala, ndipo sindikumvetsa kuti munamupirira bwanji. Wa m'chachisanu ndi wabwino, koma amaimba manotsi ambiri ngati akulipidwa pa notsi iliyonse. Mutasiya bibopu n'kuyamba zija amati jazi yomasuka, yopanda mutu, yopanda ulendo, ndinauza mlamu wanu kuti mkulu wanga wapenga, akulira ngati mbuzi yokodwa pa waya. Koma sabata imene tinaika maliro a mlamu wanuyo, nyumba itatsala zii, ndinayesa "za mvula" ndipo zinandinamiza, ndinayesa buluzi ndipo inali yaulemu kwambiri. Chimbale chanu chopengacho ndi chokhacho chimene chinanena zimene zinali m'chifuwa mwanga. Ndinachizunguliza mpaka oyandikana nawo anagogoda. Mtundu umenewo wa jazi ndinaumvetsa ndili nkhalamba, ndipo ndinaumvetsa kudzera mwa inu. Musatenge zimenezi ngati kukhululuka. Ndangolemba kuti nkhani ikhale yokwanira.

Pali china chimene mwana wanu sakudziwa. Makutu anga akutha. A dokotala anandiveka zomvera kumutu n'kumandiuza kuti ndizikweza chala ndikamva kulira, ndipo ndinangoona akundiyang'ana, chala changa chili pansi. Akuti mawu okwera ndi amene amayamba kuchoka, otsika amatsalira, ndipo chaka chamawa nthawi ngati ino ndidzakhala ndikuwerenga milomo ya anthu. Ndinawafunsa ngati pali mankhwala. Anati, "Bambo, pa msinkhu wanuwu muzingothokoza kuti phokoso la dziko likuchepa." Ndi mwana ameneyo. Sakisofoni yanu tsopano ndimaimva ngati munthu wolankhula kuseri kwa chitseko. Besi yanga ndimaimvabe, theka ndi khutu, theka ndi nthiti.

Tsono mwafunsa chimene chingathetse nkhaniyi. Mwana wanu walemba kuti, "Bambo akhala chete tsopano, sangalizenso." Ndikuona ngati akuganiza kuti zimenezo zandikwanira. Ayi. Chete ameneyo si wanu, ndi wa matenda, ndipo simungandilipire ndi chinthu chimene mwachita kulandidwa. Ine ndikufuna chete amene munali naye m'manja tsiku lija n'kundimana.

Mubwere kuno. Muime kumanja kwanga m'chipinda chochezera, lamba wa sakisofoni ali m'khosi. Ngati yakulemerani, mwana wanu aigwirire kunsi. Muiike kukamwa. Mpweya wa notsi imodzi muli nawo, poti mukutha kumuuza mwanayo zoti alembe. Mpweya umenewo musaulize. Muchotse sakisofoni kukamwa, mubwerere phazi limodzi m'mbuyo, mundiyang'ane. Zotsalazo ndi zanga. Sipadzakhala wa jekete, sipadzakhala ovina, ndipo zala zanga zauma moti mwina mudzamva zamanyazi. Koma mudzazimva mpaka kumchira, kawiri, ndipo mukadzati sizinali zoti munthu n'kukwera nazo ndege, ndidzavomera, chifukwa khutu lanu sindinalikayikirepo.

Mwana wanu akuti madokotala sakulola kuti muyende ulendo wautali. Zimenezo mukambirane nawo nokha. Njira yopitira munaipeza mosavuta. Ine ndangoona kuti ndikudziwitseni kuti chipinda chakumbuyo ndachisesa, bedi ndalichotsa pa windo chifukwa pamalowa mphepo, ndipo wa magetsi wabwera kudzaika soketi ina pafupi ndi kumutu, yoti makina anu opumira azilumikizidwapo. Anandifunsa kuti mlendoyo afika liti. Ndinamuuza kuti amange soketi, mafunso asiye. Masitepe a pakhonde ndi awiri okha, ndipo ndaikapo chogwirira. Musachedwe. Sindikunena za mapapo anu okha. Mukadzafika makutu anga atatseka, ndidzakhala ndikukoka zingwe osadziwa chimene chikutuluka, ndipo pamenepo simudzakhala mutabweza kanthu.

Mundiperekere moni kwa alamu, amene ndimangowadziwa pa chithunzi cha kuseri kwa chimbale. Moni kwa mwana wanu. Ali ndi dzanja labwino, zilembo zake zikufanana ndi za mayi athu, mumuuze zimenezo. Inuyo muzimwa mankhwala pa nthawi yake, musamakangane ndi anamwino, ndipo muzifunda pachifuwa, paja kuyambira ubwana chifuwa chanu sichinkakonda kuzizira. Kumanda kwa bambo ndi mayi ndinalambula mwezi wathawu. Pambali pawo malo alipo okwanira awiri.

Ndine mng'ono wanu wa besi, amene mudakali naye ngongole, kufikira lero lino, ya maulendo awiri athunthu a buluzi, inu muli chiimire, muli chete mwa kufuna kwanu.