Kasikulu ka Chitseko cha Kumbuyo

Lachiwiri, 14 Januwale

Kuzizira kwa lero, madigiri 31 pansi pa ziro. Vani yalira nditayesa kachitatu.

Foni ya abwana athu a Glenda, 8 koloko isanakwane. Ku nyumba ija amabisalako amayi othawa nkhanza kwachitika zoopsa dzulo. Mphepo inagwetsa mawaya m'mawa, magetsi n'kuzima. Batire ya maloko inapirira maola anayi, n'kutha. Cha m'ma 2 koloko masana, chitseko cha kumbuyo chinasiya kukhoma. Mwamuna wina amene wakhala akusaka mkazi wake anangokankha, n'kulowa. Mpaka pa khonde la zipinda, akufuula dzina. Wophika ndi amayi awiri anamutchinga ndi tebulo kufikira apolisi atabwera. Wovulala palibe. Koma mayiyo wanyamula mwana wake, wachoka, sananene komwe akupita.

Loko imeneyo ndinaika ndine, mu Novembala. Zitseko zisanu ndi chimodzi, ine ndi Rodel, mnzanga wa pa ntchito. Ine maloko amagetsi a m'felemu ndi mawaya ake, iye makhadi otsegulira, batire ndi kuyesa komaliza. Wosaina pepala ndi iyeyo.

A Glenda akuti: "A Orest, mawa mukaone. Musakalankhule zambiri, mukangoona."



Lachitatu, 15 Januwale

Ndine. Mayo ine, ndine.

Ndamasula chivundikiro cha loko, ndipo kasikulu kanali pa bowo la kumanzere. Kamtengo ka machesi n'kakakulu. Mabowo ndi awiri okha: kumanzere, magetsi akazima loko imamasuka. Kumanja, magetsi akazima imagwirabe, wa mkati amatuluka ndi chogwirira, wa kunja salowa. Nyumba ngati imeneyi ndi kumanja basi. Mwana wa sabata imodzi pa ntchito amadziwa.

Ndakumbukira zonse nditagwada pomwepo. Sabata ija opaka penti ankalowa ndi kutuluka cha kumbuyo ndi zitini zawo, makhadi asanayambe kugwira ntchito. Ndinatopa kuwatsegulira. Ndinasuntha kasikulu, waya wake ndinasamutsanso m'bokosi, kuti m'mawa ndikazula fyuzi chitseko chizikhala chomasuka, madzulo ndikabwezera chizikhoma. Tonse timatero. Tsiku lomaliza umabwezeretsa. Ine sindinabwezeretse. Ndipo magetsi akakhalapo sungadziwe kanthu: khadi pa, kuwala kobiriwira, chitseko tsegu. Rodel akanayesa kakhumi, zikanagwira kakhumi.

Chimene ndachita kenaka ndicho chikundinyansa. Ndayang'ana pa khonde, palibe munthu. Kasikulu kumanja, waya pamalo pake. Mphindi zitatu. Manja osanjenjemera n'komwe.

Mayi Lavallee, woyang'anira nyumbayo, andibweretsera khofi. Maso ofiira, mwina sanagone. "Mwapeza chiyani, bambo?" Ndati batire inatha. Si bodza. Batire inathadi.

Pa lipoti ndalembanso chomwecho.

Lachinayi, 16 Januwale

A Glenda kampaniyi anasiyiridwa ndi amuna awo. Mapepala amawadziwa, loko sanaitsegulepo. Awerenga lipoti langa, aona mawu oti batire, atulutsa fayilo ya Novembala. Mgwirizano unati batire ya tsiku lathunthu. Yaikuluyo inali isanafike, Rodel anaika yaing'ono kuti adzasinthe, ndipo analemba ndi dzanja lake. Yaikulu inafika mu Disembala, ili pa shelefu mpaka lero.

Basi, munthu wapezeka. Akomiti a nyumbayo akufuna dzina, a inshuwalansi akufuna dzina. Rodel amuimitsa kaye.

Ndinali pomwepo pa kauntala ndikusankha masikulu. Ndikanangoti, batire ife isafe, chitseko chimenecho sichiyenera kutseguka. Mawu ochepa chabe. Ndinapitiriza kusankha masikulu.

Rodel watenga kabokosi kake ka chakudya, wandigwira paphewa potuluka. "Madala, mundisamalire makwerero anga, anyamata aja amabwereka osabweza." Wasekanso!

Nkhuyu ndadya ine, zikupota mnzanga.

Loweruka, 18 Januwale

Chipale mpaka m'mawondo. Ndafoshola panjira yathu, ndafosholanso ya oyandikana nawo osapemphedwa. Msana ukuwawa, ndipo ndakondwa kuti ukuwawa.

Mkazi wanga Halyna waphika maperogi, tizitumbuwa toika mbatata mkati, ndi anyezi wokazinga. Ndadya atatu. "Inu abambo, atatu? Mwadwala kapena mwapeza wina wokuphikirani?" Ndati chimfine. Wandiyang'ana nthawi yaitali. Zaka 33 m'nyumba imodzi, mkazi ameneyu amandiwerenga ngati mita ya magetsi. Sanafunsenso.

Zaka 27 pa ntchito. Kwatsala ziwiri kuti ndipume. Mu Winnipeg muno akati loko yavuta amati itanani Orest. Dzina limenelo ndilo ndili nalo, china ndilibe.

Rodel ana atatu, wamkulu akumaliza sekondale. Mwana ameneyo ndimamudziwa kuyambira ali wakhanda.

Lolemba, 20 Januwale

Ndazungulira ntchito zanga zonse za chaka chatha, ndikunamizira kuti ndi kuyendera kwa nthawi zonse. Kwa dokotala wa mano, ku nyumba yosungira katundu, ku maofesi awiri a m'tauni. Kumasula, kusuzumira, kumanga. Zitseko 23. Zonse zili bwino, chilichonse pa bowo lake.

Ndinaganiza kuti mtima ukhala pansi. Ayi. Ndiye kuti m'mzinda wonsewu ndinalakwitsa chitseko chimodzi chokha, ndipo ndi chokhacho chimene kunja kwake kunaima munthu wodikira.

Anadziwa bwanji kuti ayese tsiku limenelo? Kapena ankabwera tsiku lililonse kudzakankha? Ganizo limeneli landilanda njala.

Sangweji yabwerera kunyumba yosatsegula.

Lachitatu, 22 Januwale

Mayi Lavallee anapempha ine ndemwe. Anauza a Glenda kuti wina asapondeko, "koma bambo achikulire aja." Amayi akuopa kugona, ena akutchinga zitseko za zipinda ndi mipando. Akuti ndikawaonetse ndi maso kuti tsopano zili bwino.

Ndaika batire yaikulu. Kenaka onse anasonkhana pa khonde la kumbuyo, amayi asanu ndi anayi, ana akusuzumira m'miyendo. Ndazima magetsi a nyumba yonse, ndazulanso batire. Ndatuluka panja, ndakankha ndi phewa, ndamenya ndi nsapato. Chitseko nji! Wophika wayesa naye, mayi wa thupi lake. Nji.

Anawomba m'manja. Kundiwombera ine.

Mayi wina wamng'ono, wa bandeji pa dzanja, sanawombe. Anangofunsa chapansipansi: "Nanga lero mwazula batire koma sichinatseguke. Tsiku lija chinatseguka bwanji?"

Thukuta mu jekete, kunja kuli 26 pansi pa ziro. Ndati pali zina ndi zina zimene ndakonza. Mayi Lavallee anati tiyeni tikamwe tiyi, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mayi uja maso ake sanachoke pa ine mpaka ndinanyamula chikwama.

Andipatsa mkate wa nthochi wokulunga m'pepala. Uli m'vani. Sindingaulowetse m'nyumba.

Za mayi anathawa uja palibe chomveka. Foni yake yozima.

Lachisanu, 24 Januwale

A Glenda andiitana mu ofesi, atseka chitseko. Kalata ya Rodel yalembedwa kale, adzamupatsa Lolemba 9 koloko. Kumuchotsa. Akuti a inshuwalansi salola china, ndipo nkhani yamveka kale m'makampani ena. Ndani adzamulembe ntchito ya maloko munthu amene anatsegulira chigawenga nyumba ya amayi?

"Zikundipweteka, a Orest. Inu munamuphunzitsa bwino, koma mtima wa munthu sungauphunzitse."

Ndavomera ndi mutu. Ine! Chitsiru cha imvi, ndavomera ndi mutu.

Madzulo ndamuuza Halyna zonse, ali pa sinki. Watseka mpopi. Sanakuwe, bola akanakuwa. Wangoti: "Kuiwala kasikuluko ndakumva. Kubwerera kukakabisa ndi kumene sindikukudziwani." Kenaka wapitiriza kutsuka mbale.

Lamulungu, 26 Januwale

Ku tchalitchi sindinapite. Masana ndapita kwa Rodel, ati kukamusiyira makwerero. Ndinazungulira mdadada wawo kawiri ndisanaime.

Nyumba yodzaza fungo la adyo, ana pa tebulo ndi mabuku. Mkazi wake wandipatsa moni wouma, osati wa masiku onse. Rodel wanditengera ku galaja, wayatsa kambaula.

Ndinakonza mawu m'njira monse, koma ndisanayambe watulutsa foni. Chithunzi cha bokosi la mawaya la ku nyumba ija, cha tsiku lomaliza mu Novembala. Akuti amajambula bokosi lililonse akamaliza ntchito. Wakuza ndi zala ziwiri. Waya wa chitseko cha kumbuyo, wofiira, pamalo olakwika. Kapindidwe kake n'kanga, aliyense pa kampani angakazindikire.

Anaona Lachinayi lomwe lija, atangofika kunyumba. Masiku khumi akudziwa.

Ndamufunsa kuti bwanji sananene. Ndilemba monga ananenera, ndisadzaiwale:

"Madala, nditabwera m'dziko muno sindinkadziwa ngakhale kugwira tchizulo. Munandiphunzitsa ndinu. Ndimati munene nokha. Tsiku lililonse ndimayang'ana foni kuti mwina lero."

Kenaka, osandiyang'ana: "Koma mawa 9 koloko ndikupita nacho chithunzichi. Ndili ndi ana."

Sanandinyoze ngakhale liwu limodzi. Anandiperekeza mpaka pa vani, n'kundithandiza kuchotsa ayezi pa galasi.

Ndalira pa maloboti a pa msewu wa Keewatin mpaka wa kumbuyo anaimba hutala. Manyazi ngati amenewa sindinawamvepo chibadwire. Ngakhale kuvomera kumene ndikavomere mawa si kwanga, achita kundikankha.

Lolemba, 27 Januwale

Ndanena. 8 koloko itangopitirira, Rodel asanafike. Kasikulu, opaka penti, fyuzi, ndi mphindi zitatu za Lachitatu lija. Zonse.

A Glenda anang'amba kalata ya Rodel pakati. "Kuiwalako ndikanakuimirirani, a Orest. Lipotilo ayi." Makiyi a vani ndi khadi langa pa tebulo. Zida zanga ndadzaza m'zikwama ziwiri, Halyna adzazitenga ndi galimoto. Rodel ndakumana naye pa khomo, wavula chipewa. Ayambiranso mawa.

A Glenda anati a Lavallee awaimbira okha. Ndati ayi, kumeneko ndipita ndi miyendo yanga. Mabasi awiri, mphepo yolasa m'makutu.

Pa khomo la kutsogolo ndadina belu. Mawu a Mayi Lavallee m'kasipika, osangalala: "Aa, bambo athu! Dikirani ndikutsegulireni." Ndati musatsegule kaye, mumve. Ndayang'ana kamera, ndanena zonse kachiwiri, ndevu zikuuma ndi ayezi.

Ndimangomva ana akusewera chapatali mkatimo.

Kenaka: "Mayi uja anachoka akukhulupirira kuti wina wa ife anamutsegulira mwamunayo. Anatiuza choncho akulongedza. Tikanadziwa Lachitatu lija, tikanamuuza, foni yake inali idakali yoyaka."

Ndaima pomwepo ndikudikira kuti mwina loko ilira, anditsegulire. Mphindi zisanu, mwina khumi. Zala zinafa.

Sinalire.