Galimoto ya Mnzawo wa Amuna Anga Ikudontha Oyilo

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka zopitirira makumi asanu, ndipo ndimasoka zovala pakhonde pa nyumba yathu. Sindinalotepo kuti ndidzakulemberani za galimoto, poti mpaka chaka chatha chiwongolero ndinkangochionera m'manja mwa amuna anga. Koma bambo akunyumbawa anagwa ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka, mawu amatuluka amodziamodzi. Galimoto yathu yakale inali itatha kale ntchito. Ndinamanga chitenje m'chiuno n'kukalowa sukulu yoyendetsa galimoto pamodzi ndi ana a msinkhu wa ana anga. Anandiseka, mayeso anandigwetsapo, koma layisensi ndili nayo m'chikwamamu.

Chondichititsa zonsezi n'chimodzi: mafizo, masewera olimbitsa ziwalo a kuchipatala. Adokotala anati bambowa akamapita mosadumphitsa, mwendo ungathe kudzuka. Koma msewu wolowera kwathu ndi wa maenje okhaokha, ndipo mvula ikagwa matakisi safika pageti. Ena akangoona njinga ya odwala amati, "Mayi, kubuti n'kodzaza." Kuwalowetsa bambowa m'kagalimoto kakang'ono ndi nkhondo: mutu uwombe chitseko, mwendo ukole pampando, ine msana ukulira. Tadumphitsa masiku ambiri, moti chala chimene chinayamba kugwedezeka chasiyanso. Ndatsimikiza mtima kuti galimoto ndigula, zivute zitani.

Amuna anga ali ndi mnzawo wa pamtima kuyambira ali anyamata. Tonse timawatcha a Tayi, chifukwa ngakhale kokagula makala amapita atamanga tayi. Tsiku limene bambowa anagwa kubafa, ndi a Tayi amene anathamanga, kuwabereka kumsana, n'kuwatengera kuchipatala. Mundimvetse, Aphungu, munthuyu si mlendo pakhomo pathu.

A Tayi akugulitsa galimoto yawo, zija zikuluzikulu zazitali za mabwana, mipando yachikopa, m'kati mozizira bwino. Ndi yakale ndithu, iwonso anaigula kwa wina, koma ukaiona ungati yangotsika m'sitima. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti ili ndi batani, ukadina galimoto yonse imagwada pansi ngati ngamila. Atabwera nayo, tinawasuntha bambowa kuchoka panjinga kufika pampando wakutsogolo mosavuta konse. Atakhazikika anasisita chikopa chija ndi dzanja lamanzere, n'kunena kuti, "Iyi." Kenako anaseka. Ndinali ndisanawamve akuseka chigwereni. Ndinapita kuseri kwa nyumba kukapukuta misozi.

A Tayi anati, "Mlamu, khalani nayo masiku angapo, muizolowere."

M'mawa mwake ndikusesa ndinaona kadontho kakuda pasimenti pamene inagona. Ndinati mwina n'zakale. Madzulo ndinayala katoni pansi pake. Kutacha, katoni inali ndi madontho m'malo awiri, ena kutsogolo, ena chapakati. Nditagwira ndi chala, anali oyilo.

Nditawauza a Tayi anaseka. "Mlamu, magalimoto akuluakuluwa amatero. Limenelo ndi thukuta chabe. Munthu wonenepa akayenda satuluka thukuta?"

Ndinaseka nawo, koma mtima sunaseke. Tsiku lotsatira tikuchokera ku mafizo tinaima pamaloboti, ndipo ndinamva fungo ngati la mafuta opserera m'chiwaya. Kautsi kochepa kankatuluka m'mphepete mwa boneti. Titafika kunyumba, ndikutsitsa njinga kubuti, ndinavundukula kapeti n'kupeza chigubu cha oyilo chotsala theka, pamodzi ndi fanulo ndi kansanza. Apanso a Tayi yankho anali nalo: "Munthu wanzeru amayenda ndi ambulera ngakhale kunja kulibe mitambo."

Anaitenga kuti akaionetse kwa makaniko wawo. Inabwera madzulo injini ikuwala ngati mbale za alendo, yotsukidwa mpaka kumakona. "Taonani, palibe chilichonse," anatero. Pamenepo ndinalimba mtima n'kupempha kuti ndikaionetse kugalaja ina yosankha ndekha. Nkhope yawo inagwa. "Mlamu, zaka zonsezi? Ine ndingamugulitse m'bale wanga chinthu chowola?" Anatsanzika osamaliza tiyi, n'kupita nayo galimoto.

Bambowa anamva zonse. Kulankhula kumawavuta koma mutu uli bwinobwino, ndipo chichokereni galimoto ija amangoyang'ana kugeti. Mwana wathu wamkazi, amene amakhala kutali, akuti pafoni, "Amayi, zisiyeni zimenezo, magalimoto amenewo amagona kugalaja kuposa kunyumba." A Tayi atumiza uthenga kuti pali munthu wina akuifuna, koma iwo akudikira ine kaye.

Aphungu, ine za injini sindidziwa. Ndimadziwa makina osokera, ndipo ndimadziwa kuti makina anga akayamba kudontha mafuta pansalu ya kasitomala ndiye kuti pena pake patha. Chimene ndikuopa si manyazi ayi. Ndikuopa kudzafa nayo pamsewu dzuwa lili pamutu, m'kati muli munthu amene sangathe kutsika n'kuyenda. Komanso sindikufuna kuwatayitsa amuna anga mnzawo yekhayo amene amabwerabe kudzacheza nawo, ena onse atasiya. Kodi kudontha kumeneku ndi thukutadi? Ndichite chiyani kuti ndidziwe zoona popanda kupha chibale?

Mayi E.N.T., mtauni muno.

*

Mayi E.N.T.,

Choyamba landirani ulemu wanga. Munthu amene waphunzira kuyendetsa galimoto pamsinkhu wanuwo kuti mwamuna wake adzayendenso, sangagonje ndi madontho a pakatoni. Ndipo katoniyo munaiganiza bwino. Yakuuzani zoona kuposa wina aliyense m'nkhaniyi.

Injini situluka thukuta. Oyilo akaoneka kunja ndiye kuti wapeza potulukira. Funso si lakuti ikudontha kapena ayi, limenelo mwayankha kale. Funso n'lakuti ikudonthera pati, chifukwa kudontha kuli mitundu. Kwina ndi gasiketi ya pachivundikiro cha pamwamba pa injini: labala wauma ndi ukalamba, oyilo akutsikira pa ekizozi yotentha, ndipo mwina n'zimene munanunkhiza pamaloboti paja. Imeneyo ndi ntchito yocheperapo, ngakhale si yoilekerera, poti oyilo pachitsulo chamoto angathe kuyatsa galimoto. Koma madontho a chapakatiwo ndi amene andikhazika tsonga. Akhoza kukhala akuchokera pa silu, kalabala kotchinga oyilo pakati pa injini ndi giyabokosi. Kasiluko n'kakang'ono, koma kuti akafikire amayenera kutsitsa giyabokosi yonse. Ndili kuno sindingathe kulosera. Galimoto iyenera kukwera padzenje kapena pachonyamulira, munthu aione kunsi ndi tochi.

Choncho pempho lanu lija linali lolondola, musalibweze. Pezani galaja yodziwa magalimoto a mtundu umenewo, osati yongodziwa galimoto iliyonse, ndipo ikhale yosadziwana ndi a Tayi. Poti injini aitsuka, kutsukako kukuthandizeni inuyo: iyendetseni mtunda wautali, mukwere nayo chitunda, itenthe bwino, kenako ikwere padzenje. Pa injini yoyera, oyilo watsopano amaloza yekha kumene akuchokera. Inunso mutsike nawo muone ndi maso anu, musangouzidwa.

Muli pomwepo, makaniko atsegule chotsekera pothirira oyilo. Mukaona zoyera ngati tiyi wamkaka, n'kutheka kuti madzi akusakanikirana ndi oyilo, ndipo zikatsimikizika, nkhani ithere pomwepo. Muione ikulizidwa m'mawa injini ili yozizira, muime kumbuyo kwake. Utsi wabuluu ukutanthauza kuti oyilo sakungodontha, akupsanso m'kati. Makaniko aiike pakompyuta, ndipo afufuze ngati pali zolakwika zimene zafufutidwa posachedwa. Muwafunsenso a Tayi mapepala a sevisi. Galimoto yotere imakhululuka zambiri, koma sikhululuka mwini wodumphitsa sevisi.

Tsopano za batani limene lakuberani mtima. Kugwadako kumachitika chifukwa galimotoyo imakhala pa mabaluni a mphepo m'malo mwa masipuling'i wamba. Mabaluniwo akakalamba amabooka, pampu yake imatopa, ndipo tsiku lina mudzaipeza yagwada osafunanso kudzuka. Isiyeni itakwera madzulo, m'mawa muone ngati mbali ina yatsika. Kenako dzizungulirani nokha m'mashopu a masipeyala, mufunse za baluni, pampu ndi masilu. Akakuuzani kuti n'zoitanitsa kunja, dzifunseni kuti pamene mukudikirapo bambo azipita bwanji ku mafizo. Magalimoto a mabwana akakalamba mtengo wogulira umatsika, koma masipeyala ake amakhalabe a mabwana.

Za a Tayi, musafulumire kuwayesa wakuba. Anthu ambiri amakhala ndi galimoto yodontha zaka ndi zaka, kumangowonjezera oyilo, mpaka kukhulupirira okha kuti ndi mmene inabadwira. Kwa munthu wa miyendo iwiri yamphamvu zimenezo n'zopiririka: ikafa amatsika, n'kukwera basi. Inu mwayi umenewo mulibe. Pitani kwawo, musakambe pafoni. Muwauze kuti, "Alamu, sindikuyeza inu, ndikuyeza galimoto. Munawabereka kumsana anzanuwa kamodzi, sindikufuna mudzawaberekenso pamsewu. Tiyeni limodzi kugalaja." Munthu amene anathamanga tsiku lija mawu amenewa awamva. Ikapezeka ndi vuto laling'ono, akonze iwo musanagule, ndipo katoni igonenso pansi pake musanagwirane chanza. Za wogula wina uja zisakuthamangitseni. Ngati alipodi, atenge. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bambonso musawasiye kunja kwa nkhaniyi. Mwanena nokha kuti mutu wawo uli bwino, ndipo ayendetsa galimoto zaka zambiri kuposa inu. Aonetseni katoniyo. Afotokozereni zimene makaniko wapeza, muwafunse maganizo, mudikire yankho ngakhale lichedwe. Mwina chimene chinawaseketsa tsiku lija si chikopa chokha ayi, koma kukhalanso kutsogolo ngati bambo wapakhomo m'malo mokankhidwira kumbuyo ngati katundu. Zimenezo galimoto ina ingawapatsenso.

Ndipo magalimoto ena alipo. Mwana wanu sakunama kwenikweni, kungoti sanakupatseni njira ina. Yang'anani galimoto yokwera pang'ono yoti ipirire maenje, ya zitseko zotseguka kwambiri, mpando wake wolingana ndi njinga ya bambo, imene masipeyala ake ali pashopu iliyonse. Inu ndinu telala, tepi muli nayo. Yezani kutalika kwa mpando wa njingayo kuchokera pansi, muziyenda ndi muyezowo kulikonse kumene mukukaona galimoto. Funsaninso a mafizo, amaona tsiku ndi tsiku magalimoto amene odwala awo amatsikamo mosavutika. Pakadali pano gwirizanani ndi wa takisi mmodzi wokhulupirika kuti azibwera masiku a mafizo, ngakhale azidikira pamsewu waukulu. Chala chija chisadikire kuti nkhani ya galimoto ithe.

Chenjezo langa ndi ili, mayi. Musapereke kalikonse, ngakhale kachikole, galimotoyo isanaonedwe kunsi ndi munthu wosankha inu. Musalolenso kuti wina athiremo mankhwala oletsa kudontha n'kukuuzani kuti yachira, amenewo amangogoneka matenda. A Tayi akakanitsitsa zopita kugalaja, yankho mwalipeza: athokozeni ndi manja awiri, muwauze kuti mpando wawo pakhonde ulipobe, galimotoyo muisiye. Mnzanu akakwiya mumapita kwawo mawa n'kukapepesana. Injini ikauma oyilo pakati pa msewu, wodwala ali m'kati, palibe amene mungamupepese.

Aphungu.