Magolovesi a Bambo Atsala Pamsomali

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo lija likukuvutitsabe kukazizira? Kuno tadzuka, kungoti msana wangawu wayamba kundiwerengera zaka. Alamu ako akupereka moni, koma nkhani ya mpira ailetsa patebulo.

Usadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Pafoni umandidula pakamwa, ndipo ukapsa mtima umadula ndi foni yomwe. Pepala sungalidule. Werenga mpaka pansi, ndine mkulu wako ine.

Zoti timu ya Msika yatenga ligi unamva kale. Ife a Njanji tathera pa nambala eyiti. Masiku ano sitima zikudutsa ziwiri pa sabata, kushedi ya sitimazo kwatsala anthu owerengeka, osewera athu akuchoka mmodzimmodzi ngati mano a nkhalamba. A Msika ali ndi basi yawoyawo, yolembedwa dzina mbali zonse.

Ukukumbukira pangano la bwalo lija? Matimu awiri, bwalo limodzi. Amene wathera pamwamba pa mnzake amavalira m'chipinda chachikulu cha mipopi ndi mabenchi, wotsalira amakavalira m'kontena kuseri kwa golo. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri chipindacho chinali chathu, mpaka tinaiwala kuti ndi pangano, tinkangoti ndi kwathu. Iwe ndi anzako si munkagogoda kontena ija n'kumawafunsa a Msika ngati tomato wapsa? Eya, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mawa lakelo lakwana.

Lolemba lapitali tinasamuka. A komiti sanaoneke n'komwe, manyazi. Ndinatuta ndekha pa wilibala: mabeseni, ndowa, majezi athu achikasu, mipira isanu, itatu yophwa. M'kontena muja masana mumawotcha moti sopo amafewa yekha. Madzi ochapira ndikukatunga kumpopi wa kugeti. Sindikudandaula ayi, ndikungofuna udziwe mmene anzathu ankakhalira ife tikuseka.

Tsopano nkhani imene unaimbira a wapampando wathu. Inde, ndikudziwa kuti unawaimbira, anandiuza okha. Magolovesi a malemu bambo, aja akhala pamsomali pamwamba pa chitseko chitisiyireni iwo, goloboyi wathu wakale, aja wosewera aliyense wa Njanji amawagunda ndi chikhatho potuluka kukasewera, akadali pomwepo, m'chipinda cha a Msika. A wapampando ndinawauza kuti ndinaiwala. Ndinanama. Koma iwe sindikunamiza.

Ndinali nditakwera pabenchi, magolovesi nditawachotsa kale, ali m'manja. Ndikumva munthu akulowa. Kucheuka, mwana wanga, atanyamula chikwama chobiriwira cha Msika, wabwera kudzaona pomwe azikoleka zovala. Iye anaika chikwama pansi n'kundigwira mkono, akuti ndisatsike ndekha ndingagwe.

Iwe uli kutali, umangomva zoti mwana wa mlongo wako anathawira kwa adani. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Imva kwa ine amene ndinkachapa jezi yake. Zaka zinayi mwanayu anali goloboyi wachiwiri wa Njanji, ndipo zaka zinayi zonsezo jezi yake ndinkaichapa ilibe dothi ngakhale pang'ono. Inkangonunkha benchi. Tsiku limodzi lokha anamulowetsa, mvula ikugwa, mpira unamupulumuka, basi anamutcha Manja a Sopo poti ndi mwana wa wochapa. Masapota athu omwe ankaimba zimenezo ine ndili pomwepo ndi ndowa ya madzi. Pomuchotsa sanamuitane n'komwe. Anaona dzina lake papepala lomatidwa pachitseko.

A Msika anamutola. Mu ligi yathayi masewero khumi ndi anayi sanamwetsedwe chigoli, ndipo penate ija imene inatimaliza ife anaigwira ndi iye, ndi manja a sopo omwewo. Kumeneko amamutcha Chitseko. Ndiye undiuze, wathawa ndani, wataya ndani?

Atanditsitsa pabenchi paja anayang'ana magolovesi. Sanawapemphe, ndikulumbira. Anati ndiwatenge, za agogo ndi za Njanji, iye safuna kuti anthu azindinena. Kenako anaseka pang'ono, akuti chomwe chimamuwawa n'chimodzi: zaka zinayi ankawagunda womaliza pamzere, podziwa kuti akungopita kukakhala pansi. Ankafuna atawagunda tsiku lina ali patsogolo, akupita pagolo ngati agogo ake.

Mlongo wanga, mtima unandiwawa zedi. Ndinakweranso pabenchi paja ndekha, msana kapena ayi, n'kuwabwezera pamsomali pawo. Iye anati amayi mukuchita chiyani. Ndinamuuza kuti asamale zake, ine ndikupachika katundu wa bambo anga pomwe ndafuna.

Lachitatu a wapampando anandiitanitsa. Anakhala pa ndowa yovundikira m'kontena muja, thukuta lili kamukamu, n'kumandiuza kuti magolovesi ndi chuma cha timu, kuti mphamvu zathu ndazisiyira adani, ndipo ngakhale mlongo wanga weniweni wakhumudwa nane. Akuti ndiwabweretse lisanafike Loweruka, tsiku lomwe tikukumana ndi Msika pa masewero otsegulira chaka. Ndikapanda kutero ndisiye makiyi a kontena, apeza wochapa wina.

Ndinawafunsa kuti ngati magolovesi ndiwo amawina, nanga nambala eyiti tinaipeza bwanji ali pamsomali pathu? Ndinawafunsanso kuti chuma cha timu chimenechi anachisoka ndani katatu konse chitang'ambika zala? Bambo ali m'chipatala anandipatsa ine m'manja, iwe ulipo, a komiti kulibe ndi mmodzi yemwe. Kuwapachika m'chipinda muja ndinachita kubwereketsa. A wapampando anangoti ndikaganize bwino. Ndinawauza kuti ndaganiza kale, ndipo anyamuke pa ndowa yangayo ndikufuna kutungira madzi.

Usaganize kuti ndagulidwa. A Msika atamva anatuma mlembi wawo kunyumba, munthu waulemu ndithu. Akuti ndibwerere m'chipinda chachikulu ndizichapira iwo, agula makina ochapira, msana wanga upumule. Ndinamupatsa mpando, ndinamuthokoza, n'kumuuza kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ine ndinabadwira ku Njanji. Jezi yobiriwira imene ndimachapa ndi imodzi yokha, ndipo ndimaichapira kunyumba, pa beseni langa, poti mwini wake ndinamubereka ndine. Ndimayanika kutsogolo, osati kuseri. Aone amene akufuna kuona.

Ndiye zili chonchi. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndachapira timu imeneyi, ndipo Lachisanu ndichapa komaliza. Ndisita majezi onse, ndiwapinda potsata manambala monga mwa masiku onse, makiyi ndikapereka ndekha m'manja mwawo. Kukatenga magolovesi aja sindipita. Kundiwawa kukundiwawa, sindibisa, dzulo ndalira ndikuyanika masokosi. Koma sindipita.

Loweruka ndikalowera pageti ngati wina aliyense, koyamba m'moyo wanga. Ndikakhala mbali ya Njanji nditavala chikasu, ndikaimba mpaka mawu athe, ndipo anyamata athu akamumwetsa Chitseko chigoli ndikavina. Iye akudziwa, ndamuuza, ndipo akuti ndisavutike kukonzekera gule. Koma wina akangoyamba nyimbo ya sopo ija, adzandidziwa kuti ndine mwana wa ndani.

Kwa iwe ndili ndi pempho limodzi, ndipo sindikugwada. Uthenga uja unatumiza, woti ulibenso mwana wa mlongo wako ku Msika, anauwerenga. Anangoika foni m'thumba n'kutuluka. Ndiwe amene unamuphunzitsa kudumphira mpira pamchenga kuseri kwa nyumba, ndiwe malume ake mmodzi yekhayo. Tsiku limene anatenga chikho anthu anamuimbira ambirimbiri, koma foni ikalira ankathamangira kuona dzina, kenako n'kuyankha mozizira. Ine ndinkaona, ndipo ndikudziwa dzina limene ankalifuna.

Muimbire lisanafike Loweruka. Usamuyamikire ngati sukufuna, mutukwanire timu yakeyo mmene ungathere, azakondwa. Koma amve mawu ako. Chipinda chapita, ntchito yanga ikupita, zimenezo ndavomera. Mwana yekhayu sinditaya, ndipo iwenso sumutaya ine ndili moyo.

Undiperekere moni kwa alamu, uwauze akuphikire tiyi ukamaliza kuwerenga, ndikudziwa mmene nkhope yakhalira. Ana onse uwapsompsone. Mulungu akusunge, akuchiritse bondo, akufewetsenso mutu umenewo.

Ndine mlongo wako,
wa Njanji mpaka kumanda,
make goloboyi wa Msika.