Ndinayendetsa Basi Zaka 31, Lero Akuti Ndikhale Pasinjala

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 66. Ndinayendetsa mabasi a maulendo ataliatali kwa zaka 31, ndipo chaka chatha ndinapuma pa ntchito. Ndinkati tsopano ndiziwongola msana pakhonde, koma mayi akunyumba agula chikwama chamateyala. Akuti tiziyenda, tizikaona malo.

Ndinawafunsa kuti, "Malo ake ati? Ine misewu yonse ndinaimaliza." Iwo anati, "Munaimaliza ndinu. Ine ndinkangochapa yunifolomu."

Mwezi watha ndinalola. Tinakwera basi, ine n'kukhala kumbuyo kwenikweni kwa dalaivala. Aphungu, munthu uja ankalowetsa magiya ngati ali nawo mlandu! Ndinangomulangiza pang'ono, mwina kasanu. Kondakitala anandisamutsira mpando wakumapeto, anthu akuseka. Mayi sanandilankhule mpaka tinabwerako. Pano akuti ulendo wotsatira apita ndi anzawo a kwaya, ine nditsale ndizilondera nyumba. Kunena zoona, zikundiwawa.

Kodi pa msinkhu wathu uno, kungonyamuka popanda maliro kapena ukwati n'kwanzeru?

B.K.T., dalaivala wakale

Bambo B.K.T.,

Kasanu kokha? Akanakhala kuti ankawerenga ndi mayi, nambalayo ikanakwera.

Ndikufunseni: pa zaka zonsezo munaona chiyani? Phula, zikwangwani, apolisi apamsewu ndi mbuzi zodutsa. Phiri lililonse kwa inu linali chitunda chofuna giya yachiwiri. Kuona malo inunso simunayambe, bambo.

Mayi akhala akuima pakhomo kukubayibitsani kuyambira ali mtsikana. Lero akungopempha kuti mukhome chitseko n'kunyamuka limodzi. Chimenecho n'chifukwa chokwanira, musachite kudikira uthenga wa maliro.

Pepesani kaye, osawonjezerapo zoti "komabe dalaivala uja ankalakwitsa". Kenako afunseni komwe mtima wawo ukufuna, muyambe ndi ulendo wa masiku awiri. Sankhani mipando yapakati, pomwe simungaone chiwongolero, ndipo wapawindo ukhale wawo. Phazi likayamba kufunafuna buleki pansi, agwireni dzanja. Mukafika musayang'ane wotchi, bwana woti akukalipireni kulibenso. Ulendo wa kwayawo asiyeni apite, inu mukawachingamire kudepoti.

Koma musazengereze. Ndimalandira makalata a anthu amene ankangoti "tidzapita chaka chamawa", mpaka mawondo anakana, ena mnzawo n'kutsogola. Pitani miyendo ikadalola, nonse awiri mukadalipo.

Aphungu